Mikanjo Iwiri pa Chingwe ku Beech Grove

Ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo ndaigwira mpaka msana wanga unayamba kundiuza za mvula isanagwe. Ndinayambira ku South Bend, kumene Amalawi ambiri timafikira, kenaka ndinatsikira ku Indianapolis mwana wanga wamkazi atapeza sukulu kumeneko. Okalamba amene ndawasambitsa ndi ambiri, ena ngakhale nkhope zawo ndinaziiwala. Koma mayi ena a ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis momwemo, sachoka m'mutu mwanga, ndipo sikuti ndinkawakonda kwambiri ayi.

Anali mzungu, zaka zawo zitatsala pang'ono kukwana zana. Thupi linali litatha, koma pakamwa pokha panali pa munthu wamphumphu. Ine ndisanafike anali atathamangitsa kale osamalira angapo. Uyu manja ake ngozizira, uyu amakhalira foni, uyu amanunkha fodya. Chimene anandionera ine sindichidziwa. Mwina n'chifukwa chakuti ndinkapinda bondo pang'ono powapatsa kapu ya tiyi, chinthu chimene thupi langa limangochita lokha osandifunsa. Ndinkawaitana kuti agogo. Tsiku loyamba anafunsa tanthauzo lake, ndipo nditawauza anati, "Ine si agogo ako." Koma ndikaitana ankayankha ndithu.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, bambo wopuma kale pantchito, wokhala ku South Bend. Tsiku limene tinaonana koyamba sanabise mawu. "Inu ndinu womaliza," anatero. "Mukachoka, ndidzawatenga kukawaika kunyumba yosungira okalamba pafupi ndi kwanga. Ndatopa ndi msewu umenewu." Sindinawaone ngati munthu wankhanza, poti nawonso mawondo anali atawathera. Agogowo ankazidziwa zonsezi. M'nyumba imeneyo ndi mmene anabadwira, m'kachipinda kakumbuyo, ndipo ankafuna kufera momwemo. "Muno ndidzatuluka ndili m'bokosi," ankatero pafupifupi tsiku lililonse, akundiyang'ana ngati ine ndiye ndasunga makiyi a imfa yawo.

Nthawi yosamba ndiyo inali nthawi ya nkhani. Munthu akakhala maliseche pamaso pa mlendo amafuna pakamwa pazichita kanthu, choncho ankandiuza za mzinda wa ubwana wawo, zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Bambo awo ankagwira ntchito kumalo okonzera sitima zapamtunda, pafupi pomwepo, ndipo ankabwera madzulo maso okha akuyera. Utsi wa malasha unali paliponse, moti mayi awo asanayanike zovala ankayamba aona kumene mphepo ikuchokera. Kunali bambo wina wa ngolo ya hatchi amene ankagulitsa zibuma za madzi oundana khomo ndi khomo, ana n'kumamuthamangira kupempha tizidutswa toyamwa. Loweruka ankakwera sitima zamagetsi zoyenda m'misewu kupita pakati pa mzinda kukaona zovala pa mawindo a masitolo, osagula kanthu. Anandiuzanso za zaka za umphawi, bambo awo atachotsedwa ntchito, pamene amuna ovala zipewa zabwino ankaima pamzere wa msuzi atayang'ana pansi. Za umphawi wa azungu ndinkamvetsera ndi khutu limodzi, kunena zoona. Ine ndinaona njala imene anthu ankadya mizu, ndiye mzere wa msuzi sunkandiliza.

Ankatchulanso kawirikawiri za zionetsero zoyenda mumsewu, zokhala ndi malipenga ndi ng'oma, ndiponso maphwando a amayi a m'deralo, odyera nkhuku yokazinga pa udzu. Ankangoti "gulu la amayi anga". Ine ndinkagwedeza mutu uku ndikuwapukuta kumsana, m'maganizo mwanga ndikuona amayi a mpingo.

Nyengo yozizira itatha anayamba kufooka. Chakudya ankangochilawa, ndipo ankadandaula kuti mabulangete onse ndi olemera. Tsiku lina anandituma kuchipinda chapansi pa nyumba kukafuna chofunda chimene mayi awo anasoka pamanja, chimene ankati chili m'bokosi lamatabwa pafupi ndi makina ochapira. Chofundacho ndinachipeza pamwamba. Pansi pake panali mikanjo iwiri yopindidwa bwino, wina waukulu, wina wa mwana. Inali yoyera kale, koma tsopano itasanduka yachikasu m'mapindo monse, ikununkha chinyezi. Pachifuwa pa uliwonse panali kachigamba kozungulira kofiira kokhala ndi mtanda woyera pakati. Msoko wa kamkanjo kakang'onoko unali wapamanja, wowongoka bwino, wa munthu amene ankasoka ndi chikondi.

Sindinadabwe nkomwe. Kwathu mayi wa mpingo amasunga yunifolomu yake yoyera pansi pa sutikesi, yositidwa, kuyembekeza tsiku lake. Akamwalira, anzake amaiyala pamwamba pa bokosi n'kumuperekeza akuimba. Mayi anga omwe anatiuza kangapo pamene yawo ili, kuti tisadzachite manyazi pamaso pa anthu ndi bulauzi yamakwinya. Ndiye nditaona nsalu yoyera ya mtanda ili pansi pa bokosi, m'nyumba ya munthu amene akuyembekeza imfa, ndinangoti ohoo, agogowa alibe mwana wamkazi woti awakonzere zinthu zawo. Ndinamva chisoni, ndipo ndinasangalalanso kuti ndapeza chowachitira chimene sanandipemphe. Safunsa anadya phula.

Mawa lake ndinainyika m'beseni ndi mankhwala oyeretsa pang'ono. Ndinachapa pamanja, poopa kuti makina ang'amba nsalu yakale. Ndinatsukuluza mpaka madzi anayera mbee. Makina oumitsira analipo, koma Mmalawi sakhulupirira kuti nsalu yoyera yayera dzuwa lisanaione. Kuseri kwa nyumba kunali mizati iwiri yachitsulo ya kalekale, ndipo ine ndinali nditamangapo kale chingwe changa choyanikira mashiti a pabedi. Ndinayanika mikanjo yonse iwiri, manja ake otambasula kuti iume msanga, waukulu uku, waung'ono pambali pake. Kamphepo kankaiwomba bwino. Ndinaima pang'ono n'kuiyang'ana, ndikudziyamikira mumtima.

Nyumba yoyandikana nayo munkakhala bambo wina wakuda wa konkuno, amene anapuma pantchito yoyendetsa mabasi a mumzinda. Chipale chikagwa ndi amene ankadzuka kudzakokolola panjira ya agogowo, osalipidwa. Tinkapatsana moni pa mpanda, ndipo ankanditchula kuti mlongo. Tsiku limenelo ndinawaona ataima pakati pa bwalo lawo, payipi yothirira maluwa ili m'manja, madzi akungotayikira pa nsapato zawo.

"Mlongo wanga," anandiitana ndi mawu otsika, "mukudziwa chimene mwayanikacho?"

"Ndi yunifolomu ya kutchalitchi ya mayi awo a agogowa," ndinayankha. "Ndi yawo ali mwana."

Anatseka mpopi, n'kubwera pa mpanda. Anatchula dzina la gulu lija la azungu odana ndi anthu akuda, ovala mikanjo yoyera ndi zipewa zosongoka zobisa nkhope, oyatsa mitanda. Ndinali nditamvapo, inde. Ndani sanamvepo? Koma m'zithunzi zimene ndinaona anali amuna, ali ndi moto m'manja, kutali kum'mwera kwa dziko lino. Palibe anandiuza kuti munali amayi, kapena kuti ankasokera ana awo.

"Mumzinda uno anali ambiri kuposa mmene mungaganizire," anatero bambowo. "Agogo anga ankatiuza kuti akamadutsa, ankatseka mawindo n'kulowetsa ana pansi pa bedi. Anuleni, chonde. Adzukulu anga akubwera masana."

Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Ndinaanula ili yonyowa, zopanira zikugwera mu udzu. Nkhope inanditentha ngati ndayandikira mbaula. Mkazi wakuda, wochokera ku Africa, kuyanika zimenezo padzuwa, atazichapa ndi manja ake mpaka khungu la zala kuyera.

Ndinalowa ndi beseni mpaka kuchipinda kwawo n'kuliika pampando. Anasuzumira, ndipo nkhope yawo sinasinthe kwenikweni.

"Wazichapa," anatero. "Ndinakutuma chofunda chokha."

"Agogo, izi n'chiyani?"

"Ukudziwa kale, apo ayi sukanabwera ndi nkhope imeneyo."

Ndinakhala pansi. Ndipo anandiuza, ndi mawu omwewo amene ankanenera za madzi oundana ndi sitima zamagetsi. Anati nthawi imeneyo aliyense mumsewu wawo analimo: wometa tsitsi, apolisi, abusa, mphunzitsi wawo wa Sande sukulu. Wofuna udindo mumzinda kapena m'boma la chigawo ankayamba wakagwada kwa anthu amenewo, ndipo pa chisankho mayi awo ankayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzawo woyenera kumuvotera. Amayiwo ankauzananso sitolo yoti asamaguleko, kaya mwini wake ndi Mkatolika kapena Myuda, ndipo pakapita miyezi sitoloyo inkatseka popanda woponya mwala. Ana akuda anawamangira sukulu yawoyawo kuti asamasakanikirane ndi anzawo. Kenaka mtsogoleri wawo wamkulu anagwidwa ndi mlandu wonyansa, ndipo mwadzidzidzi panalibenso amene anakhalako membala. Mkanjo wa bambo awo, mayi awo anaudula m'zaka za umphawi n'kusokera zovala zamkati za banja lonse. Iwiriyi anaisiya, sadziwa chifukwa chake.

"Ndipotu ine ndinakwatiwa ndi Mkatolika wa ku South Bend," anawonjezera, ngati akundipatsa chenje. "Mayi anga sanabwere ku ukwati."

Sindinafune kumva za ukwati. Ndinafunsa funso limodzi lokha limene linali pakhosi panga. "Mutavala aka, munkamva bwanji?"

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona, koma anali kukumbukira.

"Ndinkasangalala," anatero. "Mayi anga ankandigwira dzanja msewu wonse. Sankakonda kugwira munthu dzanja, mayi anga. Malipenga akulira, anthu akuwomba m'manja, pomaliza ankatigulira ayisikilimu. Sindikunamiza, amenewo anali masiku abwino kwambiri a ubwana wanga."

Ndinadikira kuti apitirize. Ndinkayembekeza kamawu kamodzi kokha kopepesa, ngakhale kapakamwa chabe, ndikanakalandira. Iwo anangotsegula maso n'kufunsa ngati nthawi ya mankhwala yakwana. Ndinawapatsa mankhwala, ndinawasintha thewera, ndinawatembenuza kuti asagonere mbali imodzi. Beseni ndinalitsitsira kuchipinda chapansi n'kulisiya pakona mmene linalili. Ndikutuluka anandifunsa ngati ndibwera mawa, ndipo ndinati inde. Koma nditafika kunyumba ndinaimbira ku ofesi imene inkatitumiza kuti ndikufuna kupuma masiku angapo, atumize wina.

Sindinanene kuti ndasiya. Ndinkangofuna kuti manja anga apume pa thupi limenelo, ndione ngati angabwererenso.

Mwana wanga nditamuuza, anandiyankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, maso ali psuu, kuti ndisadzapondenso pakhomo limenelo. Iye anaphunzira zonsezi kusukulu, ndipo sankamvetsa kuti mayi ake angakhale mbuli chotere. Mnzanga wa kutchalitchi, amene amagwira ntchito yomweyi ku Lawrence, anayamba waseka mpaka misozi, kenaka anati, "Asisi, ingokwitani basi, siyani ntchitoyo. Makilayenti ndi ambiri, mawa lomwe mutha kupeza shifiti kwina. Bwanji mukudzisitiresa ndi gogo woti watsala madzi amodzi?" Onse awiri ankanena zoona, koma malangizo awo sanandipatse tulo.

Chimene chinkandizunguza chinali cha kwathu. Ine ndinakula m'nthawi ya chipani chimodzi. Mayi anga anali ndi nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, ndipo nanenso anandidulira kanga. Tinkakwera lole yodzaza amayi kupita kukavina pabwalo, tikuimba njira yonse, ndipo tsiku limenelo ndinkamwa zoziziritsa kukhosi, botolo langalanga. Kuseri kwa nyumba yathu kunali banja lina la chipembedzo chokana kugula khadi la chipani. Tsiku lina tinadzuka nyumba yawo ili phulusa, iwo kulibe, ndipo palibe wamkulu amene anatiuza kumene anapita. Wina atandifunsa lero kuti pa lole paja ndinkamva bwanji, ndingayankhe chiyani? Komabe sindikuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. Mayi anga ankavina ndi mantha, ndinkawaona mmene ankayang'anira uku ndi uku. Mayi awo a agogo aja palibe ankawakakamiza kuyenda khomo ndi khomo. Ndinkatembenuza zimenezi m'mutu mpaka kutopa, osafika pena paliponse.

Chimene chinandidzutsa sichinali kukhululuka ayi. Mtsikana amene anatumizidwa m'malo mwanga anandiimbira kuti agogowo akukana kusamba, akukana kutembenuzidwa, ndipo amuponyera kapu. Ine ndimadziwa chimene chimachitika pa khungu la munthu wa zaka zimenezo akagonera mbali imodzi. Kamayamba kofiira ngati kakobiri, posakhalitsa ndi dzenje. Khungu limenelo ndinali nditalisunga lopanda bala miyezi yonseyo, ndipo zinandipsetsa mtima kuti ntchito yanga iwonongeke. Ndinatsimikiza kuti Lolemba ndibwerera.

Lolembalo lisanafike, mwana wawo uja anandiimbira. Ofesi inali itawadziwitsa za kapu ija, ndipo anatsika kudzaona okha. Mawu awo anali a munthu wamanyazi.

"Ndapeza zili m'beseni zija," anatero. "Sindinkadziwa kuti zili m'nyumba muno. Bambo anga akanadziwa... Mayi, simukuyenera kubweranso. Palibe angakupempheni zimenezo. Ndawapezera malo kuno, ndipo tafika kale."

"Koma ine sindinasiye ntchito," ndinatero. "Ndimabwera Lolemba."

"Ndinu munthu wabwino," anayankha, "koma zatha. Nyumba tiigulitsa."

Ankaganiza kuti akundichitira chifundo. Ndinaika foni pansi n'kukhala pamphepete pa bedi, yunifolomu yanga ya Lolemba ili yosita kale pachitseko.

Panapita milungu ingapo ndisanapiteko. Ndinkadziuza kuti si m'bale wanga, ndiponso mafuta a galimoto sagwa kumwamba. Koma Loweruka lina ndinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mnzanga ku South Bend komweko, ndiye ndinanyamuka m'mawa kuti ndiyambe ndadzera. Msewu umenewo ndi wotopetsa, minda ya chimanga mbali zonse, yosalala, yopanda ngakhale kaphiri koti diso lipumirepo. Ndinali nditavala chitenje changa cha ku chinkhoswe ndi duku wake, moti atsikana a pakhomo la nyumbayo ankandiyang'ana ngati ndasochera.

Malowo anali aukhondo, sindinganame. Ndinawapeza pa njinga ya olumala, atawaika pamzere ndi anzawo kutsogolo kwa wailesi yakanema imene palibe ankaionera. Anali atachepa kwambiri. Tsitsi lawo, limene ndinkalipesa n'kulimanga kumbuyo, anali atalidula kuti lisamavute. Anavala juzi yomwe sinali yawo. Mmodzi wa osamalira, mtsikana wa ku West Africa, anandinong'oneza kuti salankhula ndi munthu, ndipo posamba amafunika anthu awiri, wina wogwira manja.

Ndinapinda bondo pambali pawo. "Agogo."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana duku, n'kuyang'ana nkhope, ndipo ndinaona kuti andizindikira. Anandigwira pamkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ikadalipo.

"Unati ubwera mawa," anatero.

Ndinali nditakonza zambiri zoti ndinene panjira yonse ija. Ndinkafuna kuwauza za bambo a payipi aja, za adzukulu awo, za zala zanga zoyera ndi mankhwala. Ndinkafuna kuwauza kuti munthu ali ndi ufulu wopuma masiku angapo atamva zimene ndinamva, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ufulu umenewo ndinali nawo.

"Wabwera ndi galimoto?" anafunsa, akuyang'ana kukhomo. "Tiye. Jekete langa lili m'kabati."

Atsikana aja anali akubwera kale ndi ngolo ya chakudya chamasana. Ndinamasula zala za agogowo pamkono panga chimodzichimodzi, n'kuika dzanjalo pa bondo lawo.

"Pepani, agogo," ndinatero.